Kaundula wa Madrasa Amene Ndinamusungira M'foni

Kwa zaka zambiri kaundula wa madrasa yathu kuno ku Sanga anali kope la chikuto cholimba. M'menemo ndinkalembamo dzina la mwana aliyense, sura imene wafikapo mu Juzu Amma, ndi masiku amene wajomba chifukwa chothandiza makolo kuyanika usipa pa thandala. Kumapeto kwa kopelo kunali mndandanda wa sadaka imene Asilamu ankapereka kuti tigule malata a chipinda chophunziriramo. Aliyense wokhala m'boma la Nkhata Bay amadziwa mmene mvula ya kuno imagwera. Chaka china denga la udzu linadontha usiku wonse, ndipo m'mawa ndinapeza inki itayenderera pa masamba angapo.

Choncho pamene mnyamata wina wa pa mzikiti anandionetsa tsamba la pa intaneti lolemberapo mayina ndi ziwerengero, ndinaliona ngati chifundo cha Allah. Chimene chinandikopa kwambiri n'chakuti tsambalo linkagwira ntchito ngakhale netiweki itasowa. Ndinkalitsegula ndili pansi pa mtengo wa mango, popanda bandulo, n'kulemba kuti mwana wakuti waloweza Surat Al-Fajr, ndipo mawa lake ndinkazipeza zili momwemo. Mumtima mwanga ndinkakhulupirira kuti mayina a ana 47 aja ndi mndandanda wa sadaka zasungidwa kutali, m'makompyuta akuluakulu a kunja, kumene mvula ndi chiswe sizifika. Sindinafunse aliyense ngati zinalidi choncho. Kope lija ndinaliika m'sutikesi.

Patatsala masiku ochepa kuti mwezi wa Ramadhan uoneke, foni yanga inayamba kudandaula kuti yadzaza. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anati, "Amalume, bweretsani ndikuchotsereni zinyalala." Anafufuta mavidiyo akale, kenako anandifunsa ngati angayeretsenso browser, pulogalamu imene timatsegulira masamba a pa intaneti. Ine, maganizo ali pa Swala ya Maghrib imene inali itayandikira, ndinangoti, "Yeretsa zonse." M'mawa mwake ana atakhala pa mphasa ndinatsegula tsamba lija. Mizere yake inalipo, koma yopanda dzina ngakhale limodzi.

Ndalama sizinasowe, pakuti zinali kwa msungichuma wa komiti ya mzikiti. Chimene chinasowa ndi umboni wa amene anapereka. Lachisanu lotsatira, itatha Swala ya Jumu'ah, ndinayesa kutchula mayina kuchokera m'mutu. Titatuluka, gogo wina wamasiye, amene amagulitsa ufa wa kondowole m'mbali mwa msewu wa M5, anandidikira pa khomo. Anati, "Mwalimu, ine ndinapereka katatu, koma dzina langa silinamveke. Kapena ndalama zanga zinali zochepa kwambiri?" Sanakweze mawu ndipo sananene kuti ndaba. Koma funso limenelo linandilemera kuposa chitonzo chilichonse, chifukwa iye anandipatsa amana, ine n'kuisunga pamalo amene sindinkawadziwa n'komwe.

Manyazi ndiwo anandichititsa kufufuza, ndipo zimene ndinapeza ndikufuna kuti banja lililonse lokhala ndi foni lizidziwe. Browser iliyonse ili ndi nkhokwe yakeyake m'kati mwa foni, ndipo imabwereketsa kachipinda ku tsamba lililonse limene mwalitsegula. Kachipinda kakang'ono kwambiri ndi kamene amakatcha cookie, kamene kamathandiza tsamba kukumbukira kuti munalowapo kale. Kokulirapo ndi localStorage, komwe kawirikawiri kumakwana ma megabyte pafupifupi 5. Chipinda chachikulu ndi IndexedDB, chimene bungwe loika malamulo a masamba a pa intaneti la W3C linachivomereza mu 2015, ndipo chimatha kusunga mayina ndi ziwerengero zambirimbiri mwadongosolo. Tsamba langa linkagwira ntchito popanda netiweki chifukwa silinkatumiza kanthu kulikonse. Kaundula yense anali m'thumba la malaya anga.

Nkhokwe imeneyi ili ndi malamulo ake. Zimene mwalemba kudzera mu Chrome simungazipeze mukatsegula tsamba lomwelo mu Firefox, ngakhale foni ili imodzi, pakuti browser iliyonse imasunga zake. Mukalamula kuti browser iyeretsedwe, kapena mukaichotsa m'foni, nkhokwe imapita nayo limodzi. Mukalemba muli pa zenera lachinsinsi, limene Chrome imalitcha Incognito, zonse zimafufutika mukangolitseka. Foni ikadzaza kwambiri, browser ili ndi ufulu wotaya yokha zosunga za masamba amene mwatenga nthawi osawatsegula. Ndipo kuyambira mu 2020, Safari ya mafoni a iPhone imatha kufufuta zosunga za tsamba limene simunaligwiritse ntchito kwa masiku 7 ogwiritsira ntchito browser imeneyo. Ngakhale eni ake a zipangizozi amasintha maganizo. Kale kunali njira ina yosungira yotchedwa Web SQL. W3C inasiya kuikonza mu 2010, Firefox sinailandire n'komwe, ndipo patapita zaka Chrome nayo inaichotsa.

Apa ndi pamene nkhani yosankha browser inasiya kukhala ya anyamata okha kwa ine. Ambiri kuno kunyanja timakonda Opera Mini chifukwa imapulumutsa bandulo, ndipo zimenezo n'zoona: masamba amayamba adutsa m'makompyuta a kampaniyo, kumene amapanikizidwa kuti achepe asanafike pa foni yanu. Powerenga nkhani za m'dziko, njira imeneyi ndi yabwino. Koma ikakhala pa mlingo wopulumutsa kwambiri, masamba ofuna nkhokwe ya m'foni sagwira bwino ntchito, choncho si malo osungirapo kaundula. Chimodzimodzinso kazenera kamene kamatseguka m'kati mwa Facebook mukadina ulalo. N'kongodutsirapo, osati kokhalamo.

Lero ndisanakhulupirire browser ndimaifunsa zinthu zitatu. Kodi yachokera ku Play Store ndipo eni ake akuikonzabe, kapena ndi ija timangopatsirana kuchokera pa foni ya mnzathu, yosadziwika mwini wake? Kodi imandilola kufufuta zosunga za tsamba limodzi popanda kukhudza ena onse? Nanga tsamba limene ndikulemberapo lili ndi njira yotulutsira zolemba zanga kukhala fayilo yoti ndingatumize kwina? Funso lachitatuli silikhudza browser yokha, koma ndilo lalikulu koposa. Pa foni yanga tsopano pali ma browser awiri. Imodzi ndi yowerengera nkhani, ndipo mphwanga akhoza kuiyeretsa mmene angafunire. Inayo ndi ya kaundula basi, ndipo palibe amene amaikhudza.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti phunziro limeneli ndinali ndikuliphunzitsa kwa zaka zambiri osalimva. Ku koleji ya maphunziro a Chisilamu tinaphunzira mbiri ya kusonkhanitsidwa kwa Qur'an yolemekezeka. Pa nkhondo ya Yamama, Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) atangomwalira kumene, ambiri mwa oloweza Qur'an anaphedwa. Umar anaona ngozi yake n'kulangiza Khalifa Abu Bakr, ndipo ntchito yosonkhanitsa inapatsidwa kwa Zaid ibn Thabit. Masamba amenewo anasungidwa ndi Abu Bakr, kenako Umar, kenako Hafsa, mpaka pamene Khalifa Uthman analamula kuti akoperedwe n'kutumizidwa ku mizinda ikuluikulu. Maswahaba, amene chikhulupiriro chawo sitingachifike, sanadalire zifuwa zokha kapena buku limodzi lokha. Ndiponso ayah yaitali kwambiri m'Qur'an yonse, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ine amene ndimaphunzitsa zimenezi ndinaika amana ya anthu pamalo amodzi, opanda mboni.

Lachisanu linalo ndinaimirira pamaso pa jamaa n'kunena zonse mmene zinachitikira, ndi kuti wolakwa ndine, osati mwana amene ndinamulamula. Tinayala kope latsopano pa mkeka. Aliyense ananena zimene anapereka, anzake n'kuchitira umboni, ndipo amayi anachita chimodzimodzi kumbali yawo. Gogo uja anatchula maulendo ake atatu, ndipo mayi wogulitsa naye pa msewu anavomereza onse. Anawo ndinawamvetsera mmodzimmodzi kwa milungu iwiri kuti ndidziwenso pamene aliyense wafika. Ena anali atapitirira pamene ndinkaganiza, ena anafunika kubwerera m'mbuyo. Titawerengetsa, ndalama za kwa msungichuma zinaposa za m'kope ndi kangachepe. Eni ake sanapezeke mpaka lero, ndipo tinalemba mzere umodzi wakuti zinaperekedwa ndi anthu amene Allah akuwadziwa.

Malata tinakhoma mwera usanayambe kuwomba. Foni ndikuigwiritsabe ntchito, pakuti imandithandizadi. Koma Lachinayi lililonse, ana akaweruka, ndimatulutsa fayilo ya kaundula n'kuitumiza pa WhatsApp kwa msungichuma ndi kwa mlembi wa komiti, kenako mphwanga amandiwerengera mayina mokweza ine n'kumakopera m'kope ndi bolopeni. Allah atikhululukire pamene tinanyozera, ndipo atipange kukhala osunga amana. Ameen.