Sefa ya M'makutu Mwanga

Ku Capital Hill nkhani sizitha. Zimayambira m'minibasi m'mawa, n'kukwera nafe masitepe, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro zimakhala zitabereka ana. Aliyense ali ndi mlamu wodziwa zinthu, aliyense wamva kwa dalaivala wa nduna. Nditatopa nalo phokosoli ndinadzipangira sefa. Mwa anthu onse ndinasankha atatu oti ndiziwamvera: mkulu wina wowerengera ndalama amene sayankhula asanaone kalata, mayi wosunga mafayilo, ndi malume anga, mphunzitsi wopuma pantchito. Ena onse ndinkangowagwedezera mutu, maganizo ali kwina.

Sefayi inandithandiza, sindingakane. Katemera wa Covid-19 atafika mu Marichi 2021, mphekesera zinali ponseponse zakuti amaumitsa mbeu mwa munthu. Atatu angawo anakabayitsa mwakachetechete, nane ndinakapereka mkono wanga.

Tsono tsiku lina mu Okutobala 2023 mesenjala wathu, bambo wolongolola amene ndinamutaya kalekale kunja kwa sefa, anaima pakhomo la ofesi yanga.

"Bwana, ngati muli ndi kandalama ka simenti kaja, gulani lero. Kwacha igwanso."

Anati wamva kwa anyamata osintha madola m'tauni, amene mtengo wawo unali utasiyana kutali ndi wa kubanki. Ndinakafunsa mkulu uja. Iwo anangoti, "Kalata yake mwaiona?" Ndinaseka, ndalama n'kuzisiya kubanki.

Mu Novembala momwemo Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya Kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Sabata isanathe mitengo m'masitolo inali italembedwa ina. Ndalama zomwe ndinasunga miyezi yambiri zinagula matumba ochepa, moti ndinachita manyazi kuuza mayi a kunyumba.

Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, koma chimene chimandiwawa n'chakuti atatu angawo sananame. Vuto linali lakuti onse ndi anthu ngati ine ndemwe, odikira malipiro a pamwezi, okhulupirira chinthu chikabwera ndi chidindo. Ndinkayesa ndasankha anthu atatu, chonsecho ndinadzisankha ndekha katatu.

Masiku ano mesenjalayo akadutsa ndimamuitana, "Achimwene, kunjaku kuli zotani?" Amakhala pampando n'kuyamba kukhuthula. Sabata yatha anandilumbirira kuti mkulu wina wachotsedwa ntchito, koma m'mawa mwake ndinakumana nawo akutsika m'galimoto lawo, chikwama chili m'manja.