Amene Amagwira Nchito ya Rust Popanda Malipiro

Anzanga acinyamata, kompyuta siimva mau amene munthu amalemba popanga pulogalamu. Imamva manambala okha. Conco pakati pa munthu ndi makinawo pamakhala pulogalamu ina yochedwa compiler, imene imamasulira zolembedwazo. Lero ndifuna ndikuuzeni za compiler ya cinenero ca makompyuta cochedwa Rust, ndi za anthu amene amaisamalira.

Graydon Hoare anayamba Rust mu 2006 pa nthawi yake yopuma. Mu 2009 kampani ya Mozilla inayamba kuikapo ndalama, ndipo Rust 1.0 inatuluka mu May 2015. Koma mu August 2020 Mozilla inacotsa anchito pafupifupi 250, ndipo ena mwa iwo anali a Rust. Ambiri anada nkhawa kuti cineneroco cafika pamapeto.

Nchito siinaime. Zolembedwa zonse za compiler imeneyi ziri poyera pa GitHub, ndipo aliyense angaziwerenge ndi kupereka zokonza. Anthu odzipereka a m'maiko ambiri anali atazolowera kale kuisenza, conco Rust yatsopano inapitiriza kutuluka pa masabata 6 alionse. Mu February 2021 bungwe la Rust Foundation linakhazikitsidwa, mothandizidwa ndi Amazon Web Services, Google, Huawei, Microsoft ndi Mozilla.

Kodi muganiza kuti odziperekawo onse ndi akatswiri? Iyai. Wina amangokonza uthenga umene compiler imapereka munthu akalakwitsa, kuti umveke bwino. Wina amalemba malangizo. Wina amayesa ngati vuto limene linanenedwa kale likalipo. Pali ngakhale mavuto amene amaikidwa cizindikiro cakuti ndi osavuta, kuti oyamba kumene ayambirepo. Cokonza ciriconse cimawerengedwa ndi munthu wina, ndipo makina amaciyesa cisanalandiridwe.

Pamene ndinali ku koleji, uthenga wotere unandilozera pamzere weniweni pamene panali vuto, nundiuza cocita. Amene anaulemba sindimudziwa, koma madzulo amene iye anatayirapo anandisungira maola anga.

Komabe tisabise: nchito yaulere imatopetsa. Owerenga zokonza za ena amakhala ocepa, ndipo munthu wocita izi ataweruka ku nchito yake angafooke n'kusiya. Ena tsopano amalipidwa ndi makampani, koma odzipereka akali ofunika kwambiri. Akacepa, zokonza zimaunjikana, ndipo mavuto amakhalitsa.

Inu amene mukuphunzira makompyuta ndipo mumapeza intaneti, musayembekeze kuti mukhale akatswiri coyamba. Sankhani vuto laling'ono limodzi, werengani malamulo a operekako, funsani mwaulemu, ndipo akakubwezerani zokonza zanu kuti muwongole, musakhumudwe. Pa Rust iriyonse yatsopano amalemba maina a onse amene anathandizako, ngakhale amene anakonza mzere umodzi wokha.