Ulendo wa pa Khwekhwerere, ndi za Kusankha Njinga Yamoto

Mwezi wa June, mbatata ya kachewere itagulidwa, anafika pakhomo pathu mnyamata wina wa mumpingo mwathu, nanjuta pambali, nati: "Aphunzitsi, ndalama za mbatata ndasunga zaka zitatu. Ndifuna njinga yamoto yoti ndizipita nayo kunyanja kukagula nsomba, kapenanso ku Tete komwe. Ndaona ina yofiira, yonyezimira, pa boma. Mundiuze ngati ili yabwino." Ife tinamuyankha kuti: "Mwana wanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawa ulawire, titsikire limodzi ku Mua, ndipo msewu umene ufuna kuyendamowo ukakuuze wokha njinga yoyenera." Zimene tinaona tsikulo tazilemba pano, pakuti m'mabanja ambiri muli ana a maganizo omwewo.

Tinanyamuka ku Bembeke mbandakucha, tonse awiri pa kanjinga kathu kakale, ka mtundu umene agogo athu ankautcha mthuthuthu. Dziko lathu lino ndi lokwera ndithu: boma la Dedza lili pa mamita ngati 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ifika mamita 2,198. Chifukwa chake nkhungu inali itaphimba minda yonse, ndi mphepo inalasa ngati singano. Tinatsata msewu wa M1 chakumwera, kumene Mozambique ali pafupi kudzanja lamanja, ndipo tisanafike pa Masasa mnyamata uja anati zala zake zauma. Tinamuuza kuti wokwera pambuyo angathe kubisa manja m'thumba, koma woyendetsa amene zala zake zauma sangagwire buleki pa nthawi yake.

Pa Masasa tinakhotera kum'mawa, m'msewu wa ku Golomoti, umene anthu autcha Khwekhwerere. Masiku ano uli ndi phula, koma mapiri ake sanasinthe. Msewu upinda uku, nupindanso uko, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Ndipo nkhungu ikayera, munthu aona chigwa chonse chili gonee pansi pake, ndi nyanja kutali ikung'anima. Pakati pa mtsetse tinaima, tinamuuza mnzathuyo kuti ayandikize dzanja pa buleki ya pambuyo. Anabweza msanga, nati ikutentha ngati phale.

Pamenepo tinamuululira chobisika chathu. Chaka china tinatsika pomwepo titazimitsa injini, poyesa kusunga petulo, monga achitira akabaza ena, ndipo pa kaliyala tinali titamanga thumba la chimanga. Mabuleki okha ndiwo ananyamula kulemera konseko. Atatentha analeka kugwira, ndipo pa kona ina tinakagwera m'ngalande, phewa n'kuthyoka. Chipewa cholimba chimene chinali kumutu chinang'aluka, mutu n'kupulumuka. Masabata asanu ndi limodzi amayi akunyumba anagwira khasu okha, ndipo petulo amene tinasunga sakadadzaza ngakhale kapu. Potsika mtsetse wautali injini ikhale yolira, pa giya yachiwiri, kuti iyo ibweze njinga, mabuleki apumeko.

Pofika ku Golomoti tinapeza dziko lina: malambe, njanji, ndi dzuwa lofulumiza munthu kuvula jekete. Nyanja ili pa mamita ngati 470 okha. Tsono m'mawa umodzi munthu atsika mamita oposa 1,000, nachoka m'chisanu kulowa m'thukuta. Tinatsata msewu wa M5 chakumpoto kufikira ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anamanga misasa mu 1902, kusanakhale msewu wa galimoto, ndi kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zosemasema a KuNgoni mu 1976. Titapuma pamthunzi, tinabwerera. Pokwera, kanjinga kanalira mobuula, chifukwa mpweya wa kumapiri ndi wopepuka, ndipo injini imene ili ndi mphamvu zake zonse kunyanja itaya ngati gawo limodzi mwa magawo 10 pofika kwathu kuno. Amene ayesa njinga pa chidikha, wopanda katundu, sanaidziwe konse.

Tsono tamverani malangizo amene msewuwo unatipatsa.

Choyamba, musasirire zinjinga zazikulu za BMW zimene alendo adutsa nazo pano pochoka ku Cairo kunka ku Cape Town. Zilemera koposa makilogalamu 200, ndipo zikagwa m'matope a February munthu mmodzi avutika kuzidzutsa. Njinga ya 125cc kapena 150cc, monga Boxer ya ku India, ilemera ngati makilogalamu 120, ndipo ikwanira. Yamaha AG200, imene alangizi ambiri ayendera, inapangidwira njira za kumunda, ndi tcheni yake ili yophimbidwa ku fumbi. Koma mtengo wake ndi wokwera. Pokhala pampando, mapazi onse awiri afike pansi.

Chachiwiri, musanapereke ndalama, yendani mwa amakaniko a pa Bembeke, pa Lizulu ndi pa Golomoti, mufunse ngati tcheni, pulagi ndi mabuleki a njingayo apezeka. Njinga yosowa zipangizo isanduka chisa cha nkhuku pakhonde.

Chachitatu, mapepala. Njinga zambiri zilowa mwakachetechete kuchokera ku Mozambique, zotsika mtengo koma zopanda nambala. Yotere siingalowe pa chipata cha malire cha Dedza kunka ku Ulongue ndi ku Tete, ndipo ngozi ikagwa mwini wake atsala yekha ndi mlandu. Nambala, inshulansi ndi laisensi muziwerengere pamodzi ndi mtengo wa njinga. Laisensi ya A1 ilekezera pa 125cc; yoposa pamenepo ifuna ya A.

Chachinayi, zovala. Zipewa zolimba zikhale ziwiri, ndipo lamba wake amangidwe pachibwano, pakuti chipewa chosamanga chiuluka mutu usanafike pansi. Mukhale ndi magolovesi, jekete yochindikala yosalowa mvula, malaya opepuka m'kati chifukwa cha kutentha kwa kuchigwa, ndi nsapato zobisa akakolo. Patapata asayandikire njinga.

Chachisanu, kathumba ka ulendo: masipanala, pampu, chubu, zigamba ndi guluu, pulagi yapadera, oilo pang'ono, ndi madzi akumwa. Katundu amangidwe motsika ndi mofanana mbali zonse, ndipo dengu la nsomba lisalemere kotero kuti tayala la kutsogolo liyambe kupepuka.

Tinafika kunyumba dzuwa likupendeka, nkhungu ikubwereranso pa mapiri. Mnyamata uja anakhala chete nthawi, kenaka anati: "Aphunzitsi, yofiira ija ndaileka. Ndalama zanga zikwanira yaing'ono, ndi zipewa ziwiri, ndi mapepala." Tinamuuza kuti akaonetse mayi ake zipewazo asanaonetse njinga, kuti mtima wawo ukhale pansi. Inu makolo, mwana akabwera ndi mawu otere, musamukanize msanga, musamulolenso msanga. Yambani mwamufunsa za msewu umene adzayendamo.