Netiweki yosatuluka m'wodi

Kwathu ku Mauwa tikati netiweki timanena ija ya TNM ndi Airtel, yodya bandulo. Kuti pali ina yongozungulira m'chipinda chimodzi, yosafuna mayunitsi, ndinakazionera ku chipatala cha Gulupu, nditapita ngati gadiyani wa mwana wa achemwali anga. Mpaka lero sindikhuta kuikamba.

Kumutu kwa bedi kunali kamakina kotchedwa IMPALA, kamene kampani ya GOAL 3 ya ku Netherlands inakonza mogwirizana ndi akatswiri athu a ku KUHeS ndi MUBAS. Mwana amam'pana kachipangizo kowala mofiira kuchala, n'kumumata timawaya pachifuwa. Waya amathera pomwepo. Kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi mpweya wa m'magazi zimadutsa m'malere kupita pa kompyuta yosunga zonse m'chipatala momwemo, n'kukatulukira pa tabuleti ya anesi, mwana aliyense ndi malo ake. Magetsi akathima, batire imapitiriza.

Amene anagonerapo mwana wodwala chibayo akudziwa: maso satseka, umangoyang'ana kachifuwa kaja kakukwera ndi kutsika, uku ukudzifunsa ngati nthawi yothamangira anesi yakwana. Usiku wina ndisanadzuke n'komwe pamkeka, anesi anali atafika kale, akukonza kachubu ka m'mphuno.

"Gonani mayi," anatero, "manambala ake ndikuwaona."

Misozi inalengeza. Kunali kuyamba kumva kuti sindikulondera ndekha.

Chinandigwiranso mtima ndi chinsinsi. Uthengawo sudalira intaneti, ndipo wongodutsa ndi foni yake sangalowemo popanda nambala yachinsinsi. Ife a ku Chiradzulu nkhaniyi sitiimva ngati yachilendo. Kuno ndi kumene a bungwe la MSF anayamba kupereka ma ARV mu 2001, kenako mankhwalawo anafika m'zipatala zazing'ono ngati chathu cha Mauwa, ndipo tinaona anthu akubisa kabuku kawo ka kuchipatala m'chitenje poopa maso a anzawo. Za m'thupi mwa munthu si zoti ziziyenda pamsewu.

Kunja akuti zinapita patali: amamata tizidindo ta Bluetooth kapena UWB pa mabedi ndi makina a okosijeni, ndipo UWB imaloza pamene pali chinthu mosaphonya ndi theka la mita. Zimenezo zidzabwera. Ine chimene mtima wanga ukulakalaka n'chakuti nesi wa usiku ku Mauwa, amene amathandiza wobereka uku khanda lina likubanika, akhale ndi tabuleti yoteroyo m'manja.