Makina Amene Anandionetsa Kulakwa Kwanga

Amayi anzanga, sabata ino ndafuna kuti tikambirane za makina a kuchipatala otchedwa MRI. Kapena mudabwa kuti mayi wa pa Mbulumbuzi, amene sukulu anailekezera ku pulayimale, za makina wazidziwira kuti. Dekhani, pakuti nkhaniyi inandipeza pakhomo panga.

M'chaka cha 2004 mwana wanga wachisamba anatentha thupi usiku. Kutacha anayamba kuphiriphitha, maso atatembenuka, kenaka anakomoka. Akuluakulu anati, "Awa si matenda a kuchipatala, apa pali dzanja la munthu." Tinataya masiku awiri kwa sing'anga. Titafika kuchipatala, mwanayo anangoleka kupuma ali m'manja mwanga. Pa maliro, zala zonse zinaloza gogo wina wamasiye amene tinayandikana naye nyumba. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuwapatsa moni, ngakhale moto sindinkapalanso kwawo.

Mu 2012 matenda omwewo anagwira mwana wa mng'ono wanga. Ulendo uno sitinachedwe. Tinathamangira kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anatitumiza ku Queen Elizabeth, ku Blantyre. Kumeneko anayamba kumpatsa mankhwala a malungo, natipempha chilolezo choti amuunike m'mutu ndi MRI. Mng'ono wanga anakana, poopa kuti makinawo amapopa magazi. Koma paja safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, ndipo namwino anatikhazika pansi natifotokozera.

Makinawa ndi maginito aakulu. Thupi la munthu ndi lodzala ndi madzi, tsono maginitowo pamodzi ndi mafunde onga a wailesi amachititsa madziwo kupereka zizindikiro. Kompyuta imasandutsa zizindikirozo kukhala zithunzi za m'kati mwa thupi, magawomagawo, monga m'mene timadulira buledi. Sacheka munthu, satenga magazi, ndiponso alibe cheza chonga cha X-ray. X-ray imaona bwino mafupa, pamene MRI imaona zofewa monga ubongo, mtsempha wa mu msana ndi chiberekero. Titamva izi tinavomera. Mwanayo anatsitsimuka patapita masiku atatu, ndipo lero ndi mnyamata wamkulu.

Makina amenewo anafika ku Queens mu 2008, ndipo anali oyamba m'Malawi. Anabwera chifukwa cha khama la Dr Terrie Taylor wa ku America ndi anzake ofufuza za malungo a mu ubongo. Amene ankawerenga zithunzizo anali Mmalawi mnzathu, Dr Sam Kampondeni. Zimene anapeza anazilengeza mu 2015, ndipo mlangizi wa zaumoyo anadzatifotokozera ku bungwe lathu la amayi. Mwa ana 168 amene anawaunika, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwowa ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Chigaza sichifutukuka ayi. Ubongo ukatupa umasowa kolowera, kotero umapanikiza malo amene amalamula kupuma, ndipo mwana amangoleka kupuma.

Mawu amenewa anandilasa mtima. Ndinakumbukira mwana wanga m'manja mwanga muja. Amene anampha si gogo uja. Anali malungo obwera ndi udzudzu, ndiponso masiku awiri amene tinataya. Koma pamene ndinkazindikira zimenezi, gogoyo anali atagona kale kumanda, ndisanawapepese.

Makinawa amasiyana mphamvu, ndipo muyeso wake umatchedwa tesla. A ku Queens aja anali a 0.35. Alipo ena amphamvu koposa, a 1.5 ndi a 3, opangidwa ngati mgolo wogoneka umene munthu amalowamo ali pa bedi. Amenewa amatulutsa zithunzi zooneka bwino ndi mwamsanga, moti ngakhale timitsempha ta magazi ting'onoting'ono timaoneka. N'chifukwa chake madokotala aja anakaunikanso ana odwala malungo a mu ubongo ku Lusaka ndi makina a 1.5, pofuna kuona chimene chimatupitsa ubongowo, ndipo analengeza zotsatira zake mu 2018. Makina amphamvuwa amathandizanso kupeza zotupa za m'mutu, kuona pamene pavulala mwa munthu wofa ziwalo mwadzidzidzi, kufufuza gwero la khunyu, ndi kuona pamene khansa ya khomo la chiberekero yafika. Koma dziwani kuti makinawa sachiza. Ntchito yake ndi kusonyeza dokotala pamene pali nthenda.

Tsono dokotala akakutumizani ku MRI, inu kapena mwana wanu, musachite mantha. Vulani ndolo, mphete ndi mapini a kumutu, ndipo makiyi, ndalama zachitsulo ndi lamya musiye panja, chifukwa maginitowo amakoka zitsulo mwamphamvu. Ngati muli ndi chitsulo chimene anakuikani m'thupi pa opaleshoni, kapena lupu, kapena ndinu oyembekezera, nenani musanalowe. M'katimo mumamveka phokoso longa la chigayo, koma silipweteka. Chofunika ndi kugona osagwedezeka mpaka atatha.

Komabe, amayi anzanga, makinawa ndi okwera mtengo ndipo sapezeka m'zipatala zathu za kumudzi. Chimene chili m'manja mwathu ndi ichi: tigoneke ana m'masikito usiku uliwonse, ndipo mwana akatentha thupi tikamuyezetse magazi tsiku lomwelo. Akayamba kuphiriphitha, kukana kuyamwa kapena kukomoka, tisadikire kuti kuche kapena kuti bambo abwere. Berekani mwana, imitsani galimoto pa msewu wa Zomba, kapena kwerani kabaza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ukaona mnzako akuzengereza, mnyamulire thumba muyende limodzi.

Ndipo pakagwa maliro a mwana, tisafulumire kuloza chala agogo athu. Ine chaka chilichonse ndimapita kukalambula manda awiri: a mwana wanga ndi a gogo uja. Sindifuna kuti wina wa inu adzasenze katundu wotere.