Kalata kwa Mdzukulu wa ku Area 25 pa Nkhani ya Nkhuku

Kwa mdzukulu wokondedwa,

Agogo ake akulemba chifukwa cha mawu amene afika kuno ku Mponela, akuti mdzukuluyo wayamba kuweta nkhuku zachikuda, zija zimadzisakira chakudya pabwalo, koma khola sanamange, moti zikugona m'khitchini pamodzi ndi mbaula, komanso akuti amangogula zina pamsika wa Nsungwi n'kuziphatikiza ndi zakale tsiku lomwelo. Kuweta n'kwabwino, makamaka poti fizi ya mlongo wake ikudalira pomwepo, koma chimene chikuwasowetsa tulo agogowo ndi chitopa.

Chitopa, chomwe ena amati chideru, ndi nthenda yoyamba ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, ndipo imafala kudzera m'chitosi, m'mamina ndi m'mpweya wa nkhuku yodwala, kawirikawiri m'miyezi yotentha kuyambira Ogasiti mpaka Novembala. Nkhuku yogwidwa imaodzera, imagwetsa mapiko ngati yavala jekete, imatulutsa chitosi chobiriwira, ndipo ina imapindika khosi. Mankhwala ochiza palibe, ngakhale anthu amathira tsabola m'madzi akumwa. M'mapoloti othinana a ku Area 25, m'mene nkhuku za mabanja angapo zimapalasa pa dzala limodzi, nthendayi siona mpanda.

Agogowo anaziona okha mu 1968, ali mtsikana. Bambo awo anabwera kuchokera kumsika ndi tambala wofiira, wamtali lipombo, amene anamugula motchipa modabwitsa, ndipo anamumasula pakati pa mathadzi madzulo omwewo. Pa tsiku lachitatu tambalayo anapezeka ataima pansi pa nkhokwe, maso ali tsinzi, dovu likutuluka kukamwa. Pasanathe masabata awiri, mtsikanayo ndiye ankatola mitembo m'mawa uliwonse, kuyambira misoti mpaka thadzi lake lamawanga limene anapatsidwa ndi azakhali ake, lomwe linafera pa mazira litatsala masiku ochepa kuti liswe. Chaka chimenecho Khirisimasi anadyera nkhwani, ndipo yunifolomu sinagulidwe.

Choncho mdzukulu amange khola mvula isanagwe, ndipo pamenepa agogo sakupempha, akulamula. Likhale la m'mwamba, lokwera pafupifupi mita imodzi, pansi pake payalidwe timitengo totalikirana pang'ono kuti chitosi chizigwa n'kukhala manyowa a ndiwo zamasamba. Denga lisadonthe, m'mbali muzidutsa mpweya, chitseko chikhale ndi loko chifukwa cha akuba, ndipo mipata ikhale yoti likongwe kapena khoswe asalowe. Mkatimo apingase mitengo yogonapo ndi kuika zisa za udzu wouma pamalo amdima, poti thadzi limafungatira masiku 21 ndipo silifuna kusokonezedwa. Azisesa sabata iliyonse n'kuwaza phulusa pofuna kuchepetsa utitiri, tizilombo toyamwa magazi tija timathawitsa thadzi pa mazira. Madeya a kuchigayo ndi madzi oyera zisasowe, ndipo anapiye aziwatsekera masabata oyamba kuopa akabawi.

Komabe khola lokongola silitchinga chitopa. Chimatchinga ndi katemera wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory mu Lilongwe momwemo, ndipo ubwino wake ndi woti safulumira kuwonongeka ndi kutentha monga akatemera ena. Amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi mwanapiye yemwe, kamodzi pa miyezi inayi iliyonse, nthenda isanafike, chifukwa yodwala kale saithandiza. Mdzukulu afunse alangizi a ziweto, ndipo auze anansi ake kuti atemere limodzi. Nkhuku yachilendo iliyonse, ngakhale ya Mikolongwe, mtundu wakuda uja wotchedwa Black Australorp, ikhale payokha masabata awiri, ndipo yofa yokha aikwirire mozama, asaidye kapena kuigulitsa.

Agogo sakukayika nzeru za mdzukulu wawo. Akungofuna kuti mwana wa mwana wawo asadzatole mitembo m'mawa monga anachitira iwo. Akamaliza khola atumize mawu, ndipo msoti umodzi wamawanga, wotemera kale, ukumudikira kuno.

Agogo ake,
ku Mponela