Mapazi a Mimbulu ku Lamar

Nsapato zoyendera pachipale chofewa zimaoneka ngati lichero lalitali, ndipo munthu amazimangirira kunsi kwa jombo zake kuti kulemera kwa thupi kumwazikane. Popanda izo mwendo umalowa mpaka m'bondo. Eni nthaka a ku America ankazipanga ndi mitengo yopinda ndi zingwe za chikopa, koma zomwe anatibwereka ife ku paki ya Yellowstone zinali za aluminiyamu. Kuyenda nazo n'kotang'adza ngati mwana amene wangoyamba kumene kuyenda, moti tsiku lotsatira ntchafu zimadandaula.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1872. M'nyengo yozizira misewu yake yambiri imatsekedwa kwa magalimoto wamba, kupatula umene umachokera ku Gardiner kudzera m'chigwa cha Lamar mpaka ku Cooke City. Tinatsikira m'mbali mwa msewu umenewu, anthu asanu ndi atatu pamodzi ndi namulondola wathu, mayi wosakonda kulankhulalankhula.

Asanatilole kuponda paliponse anatiuza lamulo la pakiyo: njati osaziyandikira kupitirira mamita 23, mimbulu ndi zimbalangondo mamita 91. Mlendo amaona ngati lamuloli n'loteteza iye yekha, ndipo n'zoona kuti njati za kumeneko zavulazapo anthu ambiri. Koma m'chisanu lamuloli limatetezanso nyama. Njati imafukula chipale ndi mutu wake waukuluwo, kuukankhira uku ndi uku, kuti ipeze udzu wouma wopanda thanzi lenileni. Chimene chimaisunga ndi mafuta amene inasonkhanitsa m'thupi nthawi yotentha. Ikadzidzimuka n'kuthamanga chifukwa cha munthu wofuna chithunzi, yawononga mafuta amene akanaifikitsa mwezi wa April. Zinandivuta mumtima kuti ife, amene tinalipira ndalama chifukwa chokonda nyama, tinali mtolo wina pamsana pake. Tinaima patali, zala zitachita dzanzi, tikuyang'ana nkhunzi imodzi ikupuma nthunzi ngati ketulo.

Mimbulu sitinaione ndi maso athu okha ayi. Tinaona timadontho takuda paphiri kudzera m'galasi loonera patali. Chimene tinaona bwino ndi mapazi ake, chifukwa chipale sichisunga chinsinsi. Namulondola anagwada n'kutisonyeza momwe mimbulu imapondera m'mapazi a inzake kuti isatope, kotero kuti gulu lonse limaoneka ngati nyama imodzi.

Mimbulu yomaliza ya m'pakiyi inaphedwa mu 1926, nthawi imene boma lenilenilo linkaiona ngati mdani. Mu 1995 ndi 1996 anabweretsa ina 31 kuchokera ku Canada. Nkhaniyi inandikumbutsa mikango imene inabwezeretsedwa ku Majete mu 2012, kungoti Majete ili ndi mpanda pomwe Yellowstone ilibe. Mmbulu sudziwa malire. Ukangodutsa kulowa m'madera a Montana, Idaho kapena Wyoming, ukhoza kuwomberedwa mwalamulo, ndipo m'nyengo yosaka ya 2021 mpaka 2022 mimbulu 25 ya m'pakiyi inaphedwa motero.

Woweta ng'ombe amene wapeza thole lake litadyedwa sindingamuweruze, pakuti ndinakulira pafupi ndi khola. Komabe mlenje amene amadikirira pamalire nyama yozolowera kuyang'anidwa ndi alendo, yosadziwa kuthawa munthu, sindimupatsa ulemu wa ulenje.

Mapazi aja tinawatsata kwa mphindi makumi awiri. Analowera kumpoto, cha kumalire, ndipo namulondola anati tibwerere dzuwa lisanalowe kuseri kwa phiri.